Msonkho wa pamsika umapita kuti?

Mayi wogulitsa usipa pamsika wa Chintheche kapena pa Mpamba amapereka msonkho tsiku lililonse akayala malonda ake. Tikiti amalandira. Koma mufunseni kuti ndalama zonse za mwezi watha zinakwana zingati ndipo zagwira ntchito yanji, angokusekani.

Si kuti malamulo kulibe. Lamulo la maboma ang'ono la 1998 linabweretsa mphamvu ku anthu, koma kuchokera 2005 mpaka 2014 dziko lino linakhala lopanda makhansala. Zaka zisanu ndi zinayi makhonsolo akuyenda opanda wosankhidwa wowayang'anira! Mu 2010 Nyumba ya Malamulo inapatsanso aphungu mphamvu yovota m'makhonsolo, pamene ndalama za chitukuko cha m'madera awo (CDF) zinali kale m'manja mwawo. Woyenera kufunsa mafunso anali yemweyo wogwira thumba. Ndiye mukudabwa kuti anthu anataya chikhulupiriro?

Ine za masemina a umunthu m'malo ogona alendo a ku Kande zinanditopetsa, alawansi basi. Chomwe ndikupempha khonsolo ya Nkhata Bay n'chaching'ono: pepala limodzi mwezi ndi mwezi, lomatidwa pakhomo la msika, m'Chitonga ndi m'Chichewa. Zalowa zakuti, zatuluka zakuti, kontilakitala wa mjigo ndi uje, walipidwa zakuti. Lamulo lopatsa anthu ufulu wopeza nkhani linayamba kugwira ntchito mu Seputembala 2020, ndiye palibe chobisira.

Ndipo pepalalo lifikenso ku Usisya. Munthu asakwere bwato kapena kulimbana ndi msewu wa m'mapiri uja kungoti akaone manambala pa boma.