Jakisoni m'chikwama cha mwana wa sukulu

Aphunzitsi anzanga, ndi inu ana anga amene munadutsa m'manja mwanga kuno ku Domasi, ambirife timayesa kuti matenda a shuga ndi a akuluakulu onenepa. Ayi ndithu. Ulipo mtundu wina umene umagwira ana, thupi likasiya kupanga insulin. Mwana wotere akangokhala masiku ochepa osadzibaya, moyo wake uli pachiswe. Insulin isanatulukiridwe ku Toronto mu 1921, ana otere sankakhalitsa.

M'kalasi mwanga muli mtsikana amene amadzibaya kawiri pa tsiku. Ndalemba zimene anamwino anamuphunzitsa kuti nafenso tizidziwa.

Amayamba wasamba m'manja ndi sopo. Amaonetsetsa kuti chikutira cha jakisoni watsopanoyo sichinang'ambike, komanso kuti nambala ya pa jakisoni ikufanana ndi ya pa kabotolo. U-100 imayenda ndi U-100. Akasokoneza ndi U-40, mlingo umalakwika kwambiri. Insulin yooneka ngati mkaka amaigubuduza pang'onopang'ono m'zikhatho, sakhutchumula. Amakoka mpweya wofanana ndi mayuniti amene adokotala analemba, kuulowetsa m'kabotolo, kukazondotsa, kenaka n'kukoka mankhwalawo. Timathovu amatichotsa pogogoda jakisoniyo ndi chala. Amabaya pamimba kapena pantchafu, ndipo amasinthasintha malo kuti pasabwere zotupa zolimba. Singano yogwiritsa kale amaiponya m'botolo lolimba la pulasitiki, likadzaza amapita nalo kuchipatala. Singano sabwerekana, ngakhale pachibale.

Kutentha kwa mu Okutobala m'chigwa muno kumafooketsa insulin. Kumene kulibe firiji, mtsuko wa madzi woikidwa pamthunzi umathandiza, bola kabotolo kakulungidwe mu pulasitiki kuti madzi asakafike pachivindikiro.

Pempho langa ndi ili. Ife aphunzitsi ndi amatroni tikapeza jakisoni m'chikwama, tifunse kaye tisanalande poganiza kuti ndi wa mankhwala ozunguza bongo. Mwanayo akapempha kudya pakati pa phunziro, tisamukanize. Akayamba kunjenjemera, kutuluka thukuta ndi kuyankha zosagwirizana, ndiye kuti shuga watsika. Ngati akutha kumeza, mpatseni msanga Sobo, Fanta kapena madzi a shuga. Akakomoka musamumwetse kanthu, thamangirani naye kuchipatala cha Domasi kapena ku Zomba Central.

Inu ana anga amene tsopano ndinu anamwino, mukabwera kumudzi mudzatipatseko ola limodzi mu sitafu rumu. Tiyi ndigula ndine.