Masabata Asanu ku Govan

Abale anga okhala m'mahositelo, ndakulemberani mau awa kuti zimene zinandigwera ine zisagwerenso wina mwa inu.

Nchito yanga inatha pa 31 Okotobala 2023, ndipo malipiro otsiriza ndinalandira tsiku lomwelo. Ndinali ndi chilolezo chokhala m'dziko lino chopanda malire, kotero ndinayenera kupempha thandizo la Boma lochedwa Universal Credit. Koma manyazi anandigwira. Ndinati mumtima, "Ine mwamuna wa manja awiri, ndikapemphe?" Masabata awiri ndinali kuyenda m'Govan Road kufuna nchito, ndipo madzulo ndinali kukhala m'mbali mwa mtsinje wa Clyde kuwerenga timakobiri totsala m'thumba. Kwathu ku Ntcheu mvula inali pafupi, ndipo amai anali kuyembekeza ndarama ya feteleza.

Mkulu wina wa mumpingo ndiye anandidzudzula pa Sabata. Anati, "Achimwene, kodi msonkho umene munali kudulidwa zaka zonsezi unali wa chiani?" Tsono pa 14 Novembala ndinalemba pempho langa pa intaneti, ndipo pamenepo ndinaphunzira chinthu chimene ndifuna muchigwire bwino: tsiku limene mwapereka pempho ndilo limayamba kuwerengedwa, osati tsiku limene nchito inatha.

Kawerengedwe kake ndi kotere. Boma liyamba layang'ana mwezi wathunthu, kuona zimene munthu wapeza m'mwezimo, ndipo pambuyo pake papita masiku ena 7 kuti ndarama ifike ku banki. Pamodzi ndi masabata ngati asanu. Mwezi wanga unayamba pa 14 Novembala, unatha pa 13 Disembala, ndipo ndarama inafika pa 20 Disembala. Ndikadapempha pa 1 Novembala, ikadafika pa 7 Disembala. Masiku amene ndinataya chifukwa cha manyazi palibe anandibwezera. Kuyambira pamenepo tsiku langa linali la 20 mwezi uliwonse. Tsikulo likagwa Loweruka, Lamulungu kapena pa holide ya mabanki, ndarama ifika tsiku la nchito lotsogola. Mu Januwale 2024 ndinalandira Lachisanu pa 19, pakuti pa 20 panali Loweruka.

Nanga chichedwetsa ndarama nchiani? Choyamba, ngati sanatsimikize kuti ndinu yani, pempho liima; tengani pasipoti ndi makalata a lendi ndi a banki popita ku Jobcentre. Chachiwiri, pali pangano lochedwa claimant commitment, lonena zimene mudzachita pofuna nchito, ndipo musanalibvomere salipira. Chachitatu, ife obadwira kunja amatifunsanso za chilolezo chathu ndi za kukhala kwathu muno, ndipo kufufuzako kutenga masiku. Chachinai, amalemba mauthenga m'kaundula wanu wa pa intaneti, ndipo mukaphonya tsiku limene anakuitanani, ndarama ikhoza kudulidwa. Yang'anani m'menemo tsiku ndi tsiku. Dziwaninso kuti malipiro ochokera kwa bwana wakale akafika m'kati mwa mwezi wowerengedwawo, achepetsa thandizo, 55 pensi pa paundi iliyonse. Ngati malipiro otsiriza sanafike, kafunseni uphungu ku Citizens Advice musanalembe.

M'masabata odikirawo munthu akhoza kupempha ndarama yotsogola. Ine ndinaitenga kuti ndilipire chipinda. Koma dziwani kuti ndi ngongole, ndipo amadula pang'onopang'ono kufikira miyezi 24. Kuno ku Scotland, chiyambire 2017, mukalandira koyamba muli nao ufulu wosankha kulandira kawiri pa mwezi, ndi kuti ndarama ya lendi ipite yokha kwa mwini nyumba. Kwa ife ozolowera malipiro a pa sabata, chimenechi chithandiza ndithu.

Ndichenjeze abale amene chilolezo chao chiletsa kulandira thandizo la Boma, monga ambiri obwera pa viza ya nchito: musapemphe Universal Credit, mungaononge makalata anu. Pali thandizo lina, New Style Jobseeker's Allowance, loyang'ana National Insurance imene munadulidwa. Ilo alipira masabata awiri aliwonse kufikira masiku 182, ndipo siliwerengedwa m'gulu loletsedwalo. Komabe funsani odziwa malamulo poyamba, pakuti kutha kwa nchito kukhudzanso viza yanu.

Chimene chinandiwawa koposa si njala ya kuno ai. Masabata onsewo ndinali kuuza amai pa foni kuti, "Mawa ndituma." Iwo anakhulupirira, nadikira, osakongola kwa anansi. Ndarama itafika chimanga chinali chitakula kale chopanda feteleza woyamba, ndipo chaka chimenecho nkhokwe sinadzale. Nditaulula, amai anangoti, "Mwana wanga, ukadanena msanga tikadaona pogwira."

Chotero, abale, nchito ikatha musabise. Funsani uphungu tsiku lomwelo, werengani masabata asanu pa kalendala, ndipo uzani a kumudzi tsiku lenileni, kuti naonso akonzeke.

Ndine mbale wanu wa ku Govan.