Nzeru ya mmisiri imatetezedwa ndi dzina ndi pepala

Ntchito yanga ndi yopala matabwa, ndipo dandaulo losatha pakati pa ife akalipentala ndi la kuberedwa nzeru. Munthu amaswa mutu kupeza kapangidwe katsopano ka mpando, amasankha mlombwa wouma bwino, kupala, kulumikiza, kupaka vanishi n'kuuika pamsewu. Mwezi usanathe, shedi zoyandikana naye zadzaza ndi mipando yofanana nawo, yamatabwa aawisi, pa mtengo wotsika. Ambiri amangothera kukwiya, koma mkwiyo subweza kasitomala. Choyenera kudziwa mmisiri aliyense n'chakuti lamulo siliteteza ganizo lokhala m'mutu kapena lolankhulidwa pocheza. Limateteza chinthu chooneka, cholembedwa, chokhala ndi mwini wodziwika. Akulu anati fodya wako ndi uyo ali pamphuno, wa pachala ngwa mphepo, ndipo nzeru yosalembetsa ikadali pachala.

Chitetezo choyamba, chomwe ndimachiona kuti n'champhamvu kuposa zina kwa mmisiri wamng'ono, ndi dzina. Kulembetsa dzina la bizinesi ndi kulembetsa chizindikiro cha malonda ndi zinthu ziwiri zosiyana, ngakhale zonse zimachitikira ku ofesi ya boma yomwe ambiri timaidziwa kuti Registrar General. Dzina la bizinesi limangosonyeza mwini wa shopu. Chizindikiro ndi chomwe chimakupatsani mphamvu yoletsa wina kuchidinda pa katundu wake. Pansi pa lamulo la zizindikiro la 2018, chizindikiro cholembetsedwa chimagwira ntchito zaka 10, ndipo mutha kumachiwonjezera nthawi malinga mukadali pa malonda. Wakuba angatengere maonekedwe a kabati, koma sangatengere kuuma kwa thabwa ndi kulimba kwa molumikizira, ndipo kasitomala amene chitseko chake sichinapindike m'dzinja amabwerera kudzafuna dzina lomwe linadindidwa kuseri kwake.

Maonekedwe enieni a katundu nawonso amalembetsedwa, koma pali msampha wake: lamulo limafuna kuti akhale atsopano pa tsiku lolembetsa. Amene wayamba wajambula mpando wake n'kuumwaza pa Facebook ndi pa WhatsApp wadzifoola yekha, chifukwa chomwe dziko lonse lachiona kale sichatsopanonso. Patenti ndi ina: imateteza kagwiridwe ntchito ka chinthu chongotulukiridwa kumene, monga njira yatsopano yopindira bedi, osati kukongola kwake. Ogulitsa kunja adziwe kuti pepala la ku Malawi limathera m'malire a Malawi. Bungwe la ARIPO, lomwe likulu lake lili ku Harare, limalola munthu kupempha kamodzi chitetezo cha maonekedwe kapena patenti m'maiko angapo, kuphatikizapo Zambia, Mozambique ndi Zimbabwe, potsatira pangano la mu 1982. South Africa siili m'bungweli, choncho wotumiza mipando ku Johannesburg ayenera kulembetsa kumeneko padera.

Chotsala ndi zinsinsi za m'shedi: kasakanizidwe ka utoto, miyeso, komwe mumapeza matabwa abwino, mayina a makasitomala. Izi sizilembetsedwa kulikonse, zimasungidwa ndi pangano lolemba ndi kusainirana ndi wantchito, wophunzira kapena woika ndalama, lonena momveka zomwe sayenera kuulula. Ena amati kusainitsa mphwako kapena mwana wa mnansi ndi kumuyesa wakuba. Sindivomereza zimenezi. Maubale ambiri amatha chifukwa aliyense amakumbukira mosiyana zomwe anagwirizana pakamwa, ndipo pepala limateteza wophunzirayo chimodzimodzi, popeza limasonyeza kuti luso la manja lomwe waphunzira ndi lake ndipo adzapita nalo kulikonse.

Pali mawu ena olemera kuposa awa: tonse tinaphunzira potengera, ndiye ndani angati mpando ndi wake? N'zoona, ndipo lamulo silitsutsa zimenezi. Palibe angalembetse miyendo inayi ya tebulo kapena kalukidwe kamakolo ka nsungwi. Chotetezedwa ndi kachigawo katsopano komwe munthu wawonjezera, ndipo pa maonekedwe ndi patenti chitetezocho chili ndi nthawi yothera, kenako nzeruyo imakhala ya onse. Ena amadandaula za ndalama ndi kuchedwa kwa milandu kukhoti. Dandauloli ndi lomveka, n'chifukwa chake sindilangiza kulembetsa chopondera chilichonse. Yambani ndi chizindikiro, sungani zojambula zanu zokhala ndi madeti pamodzi ndi malisiti, ndipo lembetsani maonekedwe a katundu yekhayo amene akudyetsa banja lanu. Wokhala ndi satifiketi angathe kuyamba ndi kalata yochenjeza ya loya, n'kukambirana ndi wotengerayo kuti asiye kapena azilipira chilolezo. Wopanda pepala amavutika kupeza poyambira kukambirana kumeneko, ngakhale msika wonse ukudziwa kuti nzeruyo inachokera m'shedi mwake.