Dema wa M'tchire la Manjawira

Munthu wochokera ku Ntcheu pa msewu waukulu wa M1, akapitirira pa Chingeni pamene msewu wa ku Balaka upatukira, afika pa Manjawira. Kuno dziko latsika, mapiri a Kirk atsalira kumadzulo, ndipo m'mwezi wa Okutobala dzuŵa limaswa mtengo. Tchire likapsa, zonse zioneka ngati zafa. Koma pansi pa phulusalo pagona chomera china chimene moto suchipha, dzina lake dema.

Dema sakonda dambo kapena mthunzi wa nkhalango yoŵirira. Amamera m'tchire la udzu ndi m'malo a mitengo yotalikirana, pa dothi losasunga madzi. Mvula ikayandikira amaphuka pa tsinde lomwe lija la chaka chatha, pakuti moyo wake uli mu mtsitsi waukulu ngati chinangwa chonenepa. Mungamzindikire motere: tsamba lililonse lili ndi timasamba titatu monga la nyemba, maluŵa ake ndi obiriŵira mofiirira oumbika ngati a khobwe, ndipo zikhokhombe zake zili ndi ubweya. Akatswiri a zomera amamutcha Neorautanenia mitis, ndipo m'bale wake, Dolichos kilimandscharicus, amadziŵikanso ndi dzina lomweli.

Alimi ambiri amasinja mtsitsiwo, nauviika m'madzi, ndi kuwaza pa ndiwo zamasamba kuti tizilombo tife. Mphamvu imeneyo ndiyo poizoni, wotchedwa rotenone. Ena amathira dema m'maiŵe kuti aphe nsomba, napha ndi tiana tomwe. Lamulo la za nsomba la 1997 limaletsa kupha nsomba ndi poizoni.

Makolo anzanga, apa ndi pamene pagona nkhani. Pa njala ya 1949 ndi ya 2002 anthu ambiri analoŵa m'tchire kukumba mizu, ndipo ena anadwala chifukwa cha kudya zimene sanazidziŵe. Mwana wanjala akaona mtsitsi wonona saganiza kaŵiri. Tisadikire kuti njala ibwerenso. Pamene dema ali ndi masamba ndi maluŵa, tengani ana anu, muwaonetse pamene wamera, aŵerenge okha timasamba titatu tija, ndipo muwauze momveka kuti ameneyu ndi mankhwala a m'dimba, sadyedwa.

Inunso anyamata ndi atsikana, funsani agogo anu maina a zomera za kwanu iwo akali moyo.