Chikho chidikire, agogo ali kunyumba

Pagulu la WhatsApp la m'kalasi mwathu mkangano sukutha: sukulu zikatsegulidwa, kodi mpikisano wa mpira wa pakati pa makoleji uchitike? Ine ndimasewera kumbuyo mu timu yathu ndipo miyendo ikundiyabwa ngati wina aliyense, koma ndikuti udikire.

Anzanga akuti ndife achinyamata, Covid-19 sangatigwetse. Akutinso chisankho cha pa 23 June 2020 chisanachitike andale ankadzaza mabwalo ndi misonkhano ya kampeni, ndiye mpira walakwanji? Kuwawa kwawoko ndikukumva. Koma kusasamala kwa andale sikuteteza osewera opanikizana mu minibasi imodzi.

Kwathu kuno ku Mchinji, Chipata ili pafupi kuposa Lilongwe, choncho za ku Zambia timazitsatira ngati zathu. Ligi yawo inayambiranso mu July 2020 popanda ochemerera, koma osewera atayamba kupezeka ndi kachilomboka, FAZ inaitseka mu August masewero ena asanaseweredwe, Nkana n'kutenga chikho. Amenewo ndi matimu olipira osewera, ena othandizidwa ndi migodi ya kopa. Nanga ife, amene ngakhale ya mafuta a ulendo timachita kusonkherana, ndalama yoyezera timu yonse masewero asanayambe tiitenga kuti? Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe.

Ngozi yaikulu sili m'mphindi 90 za pabwalo. Ili mu ulendo wa maola ambiri mawindo ali otseka, m'kalasi imene timu yonse imagona pamatilesi oyala pansi, m'botolo limodzi la madzi lozungulira pakamwa pa aliyense. Kenako tchuthi chikafika wosewera uja akwera galimoto kupita ku Kamwendo, ku Kapiri kapena ku Mkanda. Iye alibe ngakhale chifuwa, koma kunyumba kuli agogo a shuga ndi bambo a BP, ndipo chipatala cha paboma chili kutali. Iwowa sanavomere nawo kuti mpirawo useweredwe.

Pa 12 January 2021, nduna ziwiri, a Sidik Mia ndi a Lingson Belekanyama, zinamwalira tsiku limodzi ndi matendawa, ndipo Pulezidenti wa nthawiyo Lazarus Chakwera analengeza kuti dziko linali pangozi. Ngati anthu otha kufikira madokotala abwino akupita, mlimi wa mtedza wa ku Mkanda adzapuma mpweya wa m'botolo la kuti? Mu January 2021 katemera anali asanafike m'dziko muno.

Ndikudziwa chimene tikutaya. Mnzanga wa chaka chomaliza sadzavalanso jezi ya koleji, ndipo palibe amene adzam'bwezere chaka chimenechi. Tingathe kumathamanga m'timagulu ting'onoting'ono kuti matupi asaume. Koma mpikisano weniweni uyambe pokhapokha akuluakulu a makoleji atatiuza amene alipire zoyezera, ndi kumene wosewera wopezeka ndi kachilomboka akabindikire asanapite kwawo.