Nyumba ya Mmisiri wa ku Kachulu

Nyumba ya mmisiri imaulula mwini wake mlendo asanafunse dzina. Kugombe la kuzambwe kwa nyanja ya Chilwa, pafupi ndi dooko la Kachulu, kuli mkulu wina woluka mphasa amene anakonza nyumba yake motsatira ntchito ya manja ake.

Khonde analikuza kuposa chipinda chochezera chifukwa mpomwe amang'ambira bango ndi kuyanika mlaza. Zenera lalikulu analilozetsa kuvuma, kumene kuli chilumba cha Chisi, kuti kuwala kwa mmawa kuzimupeza ali ndi singano m'manja. Pansi anayala mikeka, ndipo kudenga anakhoma mphasa zomwe zimatchinga chifundizi cha malata m'nyengo ya chilimwe. Malichero ndi nsengwa zimapachikidwa pakhoma, zikudikira ogula kwinaku zikukongoletsa nyumba. Mono wakale, umene unatopa ndi kukola matemba, tsopano umavindikira nyale ya mphamvu ya dzuwa, nkumamwaza timizere ta kuwala pakhoma usiku.

Komatu ana ake ogwira ntchito mumzinda wa Zomba sadakondwe nazo. Tsiku lina anafika ndi mipando yapulasitiki pamodzi ndi kapeti.

"Ababa, zabangozi zikutichititsa manyazi. Anthu aziti sitikusamalani," anadandaula mwana wachisamba.

Mkuluyo sanapse mtima. Anawakumbutsa za chaka cha 1995 ndi cha 2018 pamene nyanja inaphwa, mabwato nkukhala pamatope ong'aluka ngati mitembo ya ng'ona. Asodzi ambiri anasamuka, koma iye ankadula bango m'mbali mwa mtsinje wa Likangala, ndipo mphasa ndizo zinkagula ufa.

"Ana inu, fodya wako ndi amene ali pamphuno. Ndibise bwanji chimene chinakulerani?"

Mipandoyo anailandira ndi manja awiri naiika pansi pa mtengo wa mango kuti azikhalira alendo. Kapeti anamupinda bwinobwino, pakuti munthu sangang'ambire bango pa ubweya.

Chimene mkuluyu amaopa si kunyozedwa ayi, koma kutha kwa luso. Ntchito yobisidwa kuseri kwa nyumba mwana amaiyesa yonyansa, pomwe yopachikidwa pabalaza amaisirira. Nchifukwa chake mdzukulu wake wamng'ono, amene amagona akuyang'ana denga lolukalo, wayamba kale kutola timabango totsala ndi kufunsa agogo ake kumene chingwe chimayambira.