Monita yachikasu ndi tulo ta madala

Anzanga a m'gulu muno, ndi inu amene wina wangokuponyerani uthengawu, pepani ndi wautali ngati nthawi zonse. Amene bandulo yatsala pang'ono musade nkhawa, mulibe chithunzi, ndi mawu okhaokha.

Amene munabwerapo kwathu kudzabenetsa nyimbo kapena kudzataipitsa CV mukuidziwa monita yanga ija. Ndinaigula kwa mkulu wina amene amatseka bizinesi yake ya fotokope pa boma pa Nkhotakota. LCD ya mainchesi 17, kumbuyo kuli kapepala kolembedwa 2005. Galasi lake lilibe vuto ngakhale kadontho. Koma thupi lake amwene! Akuti inali yoyera ili yatsopano. Ine ndinaipeza ikuoneka ngati mano a agogo osuta chingambwe. Tsiku lina kunabwera mtsikana wa Fomu 4 ndi memory card yake, kuyang'ana monita, kuyang'ana ine, kubweza dzanja m'thumba. Ati, "Achimwene, imeneyi siindipatsira mavailasi?" Ndinayesa kumufotokozera kuti vailasi sikhala m'monita, koma anapita kwa mnyamata wina kumsika amene ali ndi laputopu yonyezimira. Ndalama ija inapita choncho.

Ndinaichapa ndi sopo, ndi phulusa, mpaka ndi mchenga wa kunyanja. Ayi ndithu. Pambuyo pake ndinamva kuti chikasucho si litsiro. Pulasitiki ya zinthu zimenezi imatchedwa ABS, ndipo dzuwa ndi kutentha zimaisintha mtundu yeniyeniyo. Ungachape chaka chonse sichoka. Ndiye ndinati basi, ndipenta.

Apa ndi pomwe ndinayamba kupusa. Madala anali atangopenta bwato lawo, ndipo m'chitini munatsala penti wa mafuta wabuluu, atayamba kulimba. Ndinathiramo thinazi wambiri, kutakasa, kutenga bulashi. Mwayi wanga ndi woti ndinayambira pa mwendo wa monita, osati kumaso. Pasanathe mphindi zisanu pulasitiki inayamba kufewa ngati chingamu. Nditagwira, chala changa chinadinda pomwepo, ndipo chidindocho chilipo mpaka lero, ndimangochibisa ndi kabuku ka malisiti. Thinazi amadya ABS. Amene mukufuna kuyesa, lembani zimenezi penapake.

Madala atadzuka masana anapeza chitini chili pululu. Ndinkayembekeza mkuntho. Anangonyamula mwendo uja, kuutembenuza, kuukanda ndi chikhadabo.

"Iwe, unayamba wandionapo ndikupenta bwato ndisanalipale?"

"Ayi ababa."

"Thabwa limamwa penti. Ichi sichimwa. Chosalala chonchi penti agwira pati? Chikande kaye."

Munthu amene sanagwirepo mausi chibadwire anandiuza zomwezo zimene ndinadzazipeza pa YouTube usiku wake.

Ulendo wachiwiri ndinachita mwadongosolo. Ndinazula monita kumagetsi n'kuisiya usiku wonse. Pano ndiime kaye, chifukwa ndikudziwa ena mwa inu muli ndi zija za chimutu kumbuyo, za CRT, ndipo mukangowerenga izi muthamangira sikuludiraiva. Musatsegule zimenezo. Mkati mwake mumafika mavoti 25,000, ndipo moto wina umatsalira ngakhale mwazimitsa. Imeneyo ipenteni ili yotseka, mutamata galasi ndi nyuzipepala. Ngakhale LCD ili ndi bolodi ya magetsi yokhala ndi makapasita osunga moto, ndiye musamangogwiragwira. Ine ndinamasula masikuluwu, kutsegula timano ta m'mbali ndi khadi yakale ya ku banki, uku ndikujambula chilichonse pa foni kuti ndisadzasokoneze pobwezera. Kawaya ka mabatani ndi kopyapyala ngati tsamba la anyezi, kamafuna ulemu. Galasi ndi mabolodi ndinazikulunga m'chitenje cha amayi n'kuziika pamwamba pa kabati.

Zikhokho ziwiri zija ndinazikwecha ndi sandipepa ya nambala 400 yonyowetsa, osati kuti chikasu chichoke, kungoti kunyezimira kuthe. Kutsuka, kuyanika, kupukuta ndi spirit kuti mafuta a m'manja achoke. Msuweni wanga woyendetsa minibasi ananditengera zitini ziwiri ku Salima, pulaima ya pulasitiki ndi penti wopopera wakuda wosanyezimira. Ndinasankha wosanyezimira dala. Wonyezimira amaonetsa chilema chilichonse, komanso amabweza kuwala m'maso ukamagwira ntchito.

Kenako kupusa kwachiwiri. Unali mwezi wa Julaye, mwera uli pachimake, ine n'kukapopera pabwalo masana. Penti theka anapita kwa aneba, ndipo amene anafika pa monita anafika limodzi ndi mchenga. Itauma inali ngati sandipepa imene ndinakwechera ija kkkk. Ndinakwechanso ndi nambala 800. Ulendo wachitatu ndinadzuka 5 koloko mphepo isanayambe, kulowetsa zikhokho m'katoni yaikulu yogoneka chammbali kuseri kwa khitchini, nsalu kumphuno. Chitini chizikhala patali ngati kutalika kwa rula ya kusukulu, masentimita 25 mpaka 30, dzanja lizingoyenda osaima. Ukapopera koyamba zimaoneka ngati palibe chimene wachita, ndipo mtima umati onjezera. Usaonjezere, penti amayenderera ngati mamina. Dikira mphindi 15, poperanso pang'ono. Ndinabwereza kanayi. Timabowo totulukira mpweya kumbuyo ndinatitokosa ndi kamtengo ka machesi kuti tisatsekeke. Ndinadikira masiku atatu ndisanamange, ngakhale manja ankayabwa.

Inatuluka bwino, sindinama. Koma nkhani imene yandilembetsa zonsezi si ya monita.

Mukudziwa madala ndi siginala. Amanyamuka dzuwa likupendeka, usiku wonse ali okha m'kabwato ndi nyali kuitana usipa, anyamata a chilimira akudikira mawu awo. Amafika m'mawa, kugulitsa, kuyanika ukonde, ndiye agone kuyambira cha m'ma 9 mpaka 2 koloko. Maola omwewo ndi amene makasitomala anga amabwera. Nyumba yathu ilibe siling'i, khoma la pakati limathera m'munsi mwa malata, ndiye chilichonse cha kuchipinda kwanga chimamveka kwawo. Ndipo bokosi la kompyuta yanga, lija tonse timangoti CPU ngakhale CPU yeniyeni ndi kachidutswa kakang'ono mkati, linkalira ngati injini ya boti ikumvekera patali. Ine ndinali nditazolowera, sindinkalimvanso.

Madala sanadandaulepo ngakhale kamodzi. Anandiuza ndi amayi, tikusankha usipa pa thandala. Akuti sabata imeneyo madala anagona m'bwato pakati pa nyanja, nyali zikuyaka, bwato n'kumatengedwa ndi madzi, mpaka anyamata anachita kuwalondola ndi boti n'kuwadzutsa. Munthu wa zaka zoposa 30 pa nyanja. Anyamata anaseka, nkhani inathera pa gombe. Amayi sanaseke.

"Chigayo chakocho chimawalanda tulo bambo ako. Chikhale chete kapena chituluke m'nyumba muno."

Tonse m'gulu muno tikudziwa nyumba ina imene munthu anapita kunyanja nthawi ya mwera osabwerako. Sindinayankhe kanthu. Koma kutulutsa kompyuta kunatanthauza lendi ya kashopu ndi mlonda, ndalama zimene ndilibe.

Ndinayamba ndi kufufuza chimene chikulira. Ndinapinda pepala ngati chitoliro, mbali ina kukhutu, ina kuloza chipangizo chimodzichimodzi, momwe amakaniko a injini amamverera ndi sikuludiraiva. Olakwa anapezeka atatu. Kafani ka kumbuyo ka mamilimita 80, kamene kamazungulira maulendo oposa 2,500 pa mphindi n'kumalira ngati udzudzu. Hard disk yomangidwa pa chitsulo chopyapyala, ikamanjenjemera bokosi lonse limasanduka ng'oma. Ndi chitseko cha m'mbali chimene chinkagwedera. Pa fani ya purosesa ndinapezapo fumbi losakanikirana ndi nkhungu zouma, zokwana kuumba kachikondamoyo. Mpweya sunkadutsa, ndiye fani inkathamanga mpaka mapeto tsiku lonse.

Kuyeretsa kunathandiza pang'ono, koma bokosilo linalibe malo a fani yaikulu. Linafunika lina.

Pa intaneti mukafunsa za kesi yachete akuuzani za Fractal Design ya ku Sweden, makamaka zija za Define, kapena be quiet! ya ku Germany. Ndi zokongola, kutsogolo kotseka, mkati anamatamo zofewa zomeza phokoso. Ndinazisirira mausiku angapo. Koma chigwereni kwacha ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, mtengo wake kuphatikiza kutumiza ndi nkhani yongoseka. Komanso ndinaganiza za Okutobala wa kuno, pansi pa malata, pamene ngakhale nkhuku zimayenda kukamwa kuli yasa. Ukatseka bokosi mbali zonse kutentha kumatsalira mkati, mafani amathamanga kuti akuchotse, ndipo phokoso limene unalitsekera pakhomo limalowera pazenera. Kwa ife a kunyanja ndinaona kuti yabwino ndi kesi yolemera, yotseguka kutsogolo, yolola mafani akuluakulu oyenda pang'onopang'ono. Fani ya mamilimita 120 kukula kwake kumaposa kawiri ya 80, ndiye imakankha mpweya wokwanira ikuyenda maulendo 900 kapena 1,000 okha. Zili ngati nkhafi. Wopalasa ndi nkhafi yotakata samenya madzi kawirikawiri.

Ndinakwera ya ku Lilongwe ndi pepala limene ndinajambulapo motherboard yanga ndi mabowo ake a masikuluwu. Chitani zimenezi, chifukwa makompyuta ena a m'maofesi ali ndi mabowo akeake, bolodi wamba ya microATX silowa. Mu shopu ina ya zakale ku Area 2 mnyamata wogulitsa anandikokera ku kesi ya galasi m'mbali, magetsi a mitundumitundu akuthamanga mkati. Ati, "Bwana, iyi ndiye ya mageyima, makasitomala akaiona sachoka." Kunena zoona mtima unagunda, ndinakumbukira mtsikana wa Fomu 4 uja. Koma ine ndine mwana wa siginala, ndikudziwa ntchito ya nyali usiku. Imaitana. Kuika nyali m'bokosi la mafani ku Nkhotakota ndi kuitanira nkhungu zonse za m'nyanja ku phwando.

Ndinayamba kugogoda makesi ndi chala momwe amayi amagogodera mbiya pamsika. Yolira kuti ngwee ndinkaisiya. Pansi penipeni, pafumbi, panali chikesi china chakuda, chokandikakandika, cholemera ngati batire ya galimoto. Kugogoda chinangoti du. Chitsulo chochindikala, kutsogolo kwa timabowo, malo a fani ya 120 kutsogolo ndi kumbuyo. Mnyamata uja anandiyang'ana ngati ndazungulira mutu, ndipo anandipatsa motchipa. Ndalama yotsala ndinagula mafani awiri, SSD yaing'ono ndi kachubu ka thermal paste.

Kunyumba Windows ndinaisamutsira pa SSD, imene ilibe chozungulira mkati ndiye silira. Hard disk yatsala yosungira nyimbo ndi mafilimu, ndipo sindinaimange ndi masikuluwu, ndinaipachika pa mphira ziwiri zodula ku chubu cha njinga kuti isakhudze chitsulo. Ingokumbukirani kuti mphira imafumbwa ndi kutentha, muziiyendera. Pansi pa kesi ndinaikapo zidutswa za patapata. Kutsogolo ndinamatako kachidutswa ka neti ya udzudzu kosefera fumbi, ndimakachapa Lamlungu lililonse. Neti yong'ambika kale amwene, osati yatsopano ya kuchipatala, ndipo ena inu amene mumakokera nayo tinsomba m'mphepete ndikukuonani.

App ya pa foni yoyezera phokoso inkaonetsa m'ma 50 kale, pano ikuonetsa m'ma 30. Foni si chida chodalirika pa zimenezi, koma akuti kutsika ndi madesibelo 10 khutu limamva ngati phokoso lachepa ndi theka, ndipo khutu langa likuvomereza. Chatsala ndi kafani ka mu power supply, kamene sindikufuna kukatsegula. Mayeso enieni ndi Okutobala. Ikadzayamba kutentha mopitirira ndidzakuuzani, sindidzabisa.

Lachiwiri lapitali, cha m'ma 10, ndikutaipa pulogalamu ya ukwati, madala analowa kuchipinda kwanga atavala kabudula yekha, maso ali ofiira.

"Chafa?"

"Ayi ababa, chikugwira ntchito."

Sanakhulupirire. Anawerama, kuika dzanja kumbuyo kwa kesi, kumva kamphepo kofunda. Anayang'ana monita yakuda ija nthawi yaitali, kenako anapeza chidindo cha chala changa pa mwendo, anachikanda ndi chikhadabo.

"Penti wanga sunabweze."

Anabwerera kukagona. Anadzuka 3 koloko, amayi anachita kuwagwedeza kuti nsima ikuzizira.

Ndiye amene akupita ku Salima sabata ino andiuze, ndikufuna lita imodzi ya penti wa mafuta wabuluu. Kesi yakale ija ilipo, amene akuifuna adzatenge ulere, bola kwanu kusakhale munthu wogona masana.